Laputopu yakale isathamangire kudzala

Achinyamata anzanga, pamodzi ndi inu makolo amene mumatigulira zipangizo za sukulu ndi ndalama ya nandolo ndi ya geni, sabata ino ndati tikambirane za laputopu.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makompyuta ambiri amene tili nawo kuno. Tsikulo linadutsa mwakachetechete. Minibasi zinayenda pa msewu wa Midima monga mwa masiku onse, ophunzira a ku Nguludi analemba ntchito zawo, ndipo palibe laputopu ngakhale imodzi imene inakana kuyaka. N'chifukwa chake ena mpaka pano sakudziwa kuti china chake chinasintha. Ena, ataona uthenga wodzaza sikirini yonse wowauza kuti makina awo sangalandire Windows 11, anataya mtima n'kuyamba kufunsa mitengo ya laputopu yatsopano ku Limbe. Maganizo anga ndi akuti magulu awiri onsewa akulakwitsa. Palinso gulu lachitatu, la amene akuthamangira kukakamiza Windows 11 pa makina amene sanaiyenere, ndipo gulu limeneli ndilo likundidetsa nkhawa koposa.

Kuti timvetse chimene chinatha pa tsikulo, tisapite kutali. Dzina la Mikolongwe limadziwika dziko lonse chifukwa cha nkhuku zakuda zija, mtundu wa Black Australorp wochokera ku Australia, zimene boma lakhala likuswetsa kuno n'kumazifalitsa m'midzi. Aliyense woweta nkhuku amachidziwa chitopa. Amadziwanso kuti katemera wake saperekedwa kamodzi n'kuiwala, pakuti dontho la m'diso lija limafunika kubwerezedwa kangapo pa chaka. Mlangizi akaleka kubwera ndi katemera, nkhuku sizifa tsiku lomwelo ayi. Zimadya, zimaikira, tambala amalira m'mamawa monga kale. Imfa imadza mwezi umene nthenda yatulukira kwa aneba, ndipo ikadza imasesa khola lonse.

Zimene timazitcha ma update ndiye katemera wa kompyuta. Windows inalembedwa ndi anthu, ndipo monga nyumba iliyonse yomangidwa ndi manja, ili ndi ming'alu. Akuba a pa intaneti ntchito yawo ndi kufufuza ming'aluyo usiku ndi usana. Ntchito ya Microsoft inali kuimata mwezi ndi mwezi. Kumata kwaulere kumeneko ndiko kunatha mu Okutobala 2025, patapita zaka khumi chitulukire Windows 10 mu Julayi 2015. Pali chinanso chimene chimaipitsa zinthu. Windows 10 ndi Windows 11 ndi ana a mimba imodzi, ndipo mbali zambiri za mkati mwawo n'zofanana. Microsoft ikatulutsa chomatira cha Windows 11, akuba amachiwerenga bwinobwino kuti aone pamene panali mng'alu, kenaka amapita kukayesa malo omwewo pa Windows 10, kumene sikunamatidwe. Motero mwezi uliwonse umene mng'ono akulandira katemera, mkuluyo akuonjezeka kukhala pa mbalambanda.

Zimenezi zinaonekapo kale. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150 m'masiku ochepa, ikutseka mafayilo a anthu n'kumawalipiritsa kuti iwatsegule. Ku England zipatala za boma zinabweza odwala zikwizikwi chifukwa makompyuta awo anauma. Chopweteka n'chakuti chomatira cha mng'alu umenewo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanalandire katemera.

Ndikumva wina akuti, "Akuba a kunjawo alibe nthawi ndi mnyamata wa ku Chiradzulu amene mu Mpamba mwake muli K2,000." Dziko lathu si chilumba, abale. Mu Febuluwale 2024 amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera anathyoledwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, ndipo ambiri tikukumbukira mmene anthu anavutikira kudikira mapasipoti. Komanso vairasi siyang'ana nkhope ya munthu. Imagogoda pa khomo lililonse limene yalipeza, ndipo lotseguka imalowa. Taganizani zimene zili mu laputopu yanu: mawu achinsinsi a imelo ndi a Facebook amene munauza makinawo kuti aziwakumbukira, chithunzi cha chitupa cha unzika, satifiketi ya MSCE, WhatsApp imene munailumikiza ndi foni. Wakuba safuna K2,000 yanuyo. Amafuna dzina lanu, kuti alembere amalume anu ali ku Joni kuti mwagonekedwa m'chipatala, atumize msanga ndalama pa nambala yakutiyakuti. Dzina likaipa chotero, kulikonza kumatenga nthawi yaitali kuposa kukonza makina.

Sindikuti muthamange lero lomwe. Nthawi ilipo, koma ndi yowerengeka, ndipo mbiri ikutiphunzitsa mmene imathera. Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020. Chrome, pulogalamu imene ambiri timatsegulira masamba a pa intaneti, inapitiriza kuithandiza zaka zitatu, n'kuisiya kumayambiriro kwa 2023. Kuchokera pamenepo masamba ena anayamba kukana kutseguka bwino, ndipo munthu amazindikira vutolo usiku womaliza wotumiza kalata yofunsira malo ku koleji. Windows 10 idzayenda njira yomweyo. Mu 2025 Microsoft inalengeza kuti anthu wamba angathe kuonjezera chaka chimodzi cha chitetezo, kufikira pa 13 Okutobala 2026, polipira madola 30 kapena polumikiza makina awo ndi akaunti ya Microsoft. Imeneyo ndi nthawi yobwereka chabe yoti munthu akonzekere ulendo.

Tsono chinthu choyamba ndi kudziwa chimene muli nacho m'manja. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi malo osungira a 64 GB, ndipo zimenezi laputopu zambiri zili nazo. Pamene zimagwera ndi pawiri. Poyamba imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene kamasunga makiyi achinsinsi a makinawo. Kachiwiri imafuna purosesa, ubongo wa kompyuta, ya m'badwo umene Microsoft inauvomereza: kwa Intel kuyambira m'badwo wa nambala 8, umene unayamba kutuluka mu 2017, ndipo kwa AMD kuyambira Ryzen 2000. Kuwerenga m'badwo n'kosavuta. Yang'anani dzina la purosesa mu Settings, pamene alemba About. Mukaona i5-6200U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi 6, ndiye kuti ndi m'badwo wachisanu ndi chimodzi, ndipo khomo ndi lotseka. Mukaona i5-8250U mwapulumuka. Musanyengedwe ndi chomata chonyezimira cha i7, chifukwa i7 ya m'badwo wa 6 ikukanidwa pamene i3 ya m'badwo wa 8 ikulandiridwa. Microsoft ili ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa PC Health Check kamene kamanena chenicheni chimene chikuperewera, ndipo nthawi zina chimakhala chaching'ono: TPM ilimo koma inazimitsidwa mu BIOS, ndipo wodziwa angathe kuiyatsa m'mphindi zisanu. Ngati makina anu apambana mayeso amenewa ndipo Windows 10 yanu ndi yovomerezeka, kusamukira ku Windows 11 n'kwaulere. Samukani, musazengereze.

Koma ambiri a ife sitili m'gulu lamwayilo. Laputopu zimene zimafika kuno n'zimene maofesi a ku Ulaya, America ndi South Africa anamaliza nazo: HP EliteBook 840 G3, ThinkPad T460 ndi T470, Dell Latitude E7470 ndi anzawo. Ndi makina olimba, omangidwira ntchito ya mu ofesi, ndipo ambiri akugwirabe ntchito popanda chodandaula. Onsewa ndi a m'badwo wa 6 kapena wa 7. Palibe chamanyazi pokhala ndi makina otere, monga palibe chamanyazi povala jekete la pa kaunjika limene likufunditsa bwino kuposa latsopano la m'sitolo.

Ndiyenera kunena chilungamo pa za Microsoft. Zifukwa zake za chitetezo si zabodza, ndipo zaka khumi zosamalira pulogalamu imodzi si zochepa. Komabe mzere umene inajambula unadutsa pakati pa makina amoyo. Laputopu imene inagulitsidwa yatsopano mu 2017 inauzidwa mu 2021, isanathe n'komwe zaka zisanu, kuti ilibe tsogolo. Kumapeto kwa 2023 kampani yofufuza za misika ya Canalys inayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni angasanduke zinyalala chifukwa cha ganizo limeneli. Kwa munthu wa ku Seattle, uthenga wakuti gulani yatsopano ndi nkhani ya kusankha mtundu. Kwa ife, amene ndalama yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, uthenga womwewo ukutanthauza kugulitsa mbuzi zonse, kapena kusankha pakati pa laputopu ndi fizi. Amene analemba uthengawo sankaganiza za Mikolongwe, ndipo sitili okakamizidwa kuumvera.

Apa ndi pamene gulu lachitatu limalowera. M'tauni muli anyamata aluso amene adzakuuzani kuti zoletsa zonsezo n'zamasewera, akuikirani Windows 11 pa makina alionse madzulo asanakwane. Sakunama. Njira zolambalala zilipo ndipo n'zodziwika. Kapulogalamu kotchedwa Rufus kamachita zimenezi mwa kungodina mabokosi awiri. Chimene sakuuzani n'chimene chimadza pambuyo. Microsoft inanena poyera kuti makina oikidwa mwa njira imeneyi alibe lonjezo la ma update. Kawirikawiri a mwezi ndi mwezi amafika ndithu, koma Windows 11 imasintha chikopa chaka chilichonse, ndipo chikopa chilichonse chimasamalidwa miyezi 24 yokha pa makina a anthu wamba. Makina ovomerezeka amasamuka okha kupita ku chikopa chatsopano. Okakamizidwa nthawi zambiri amatsalira, kufikira wina atabweranso ndi fulashi kudzawakankha ndi manja. Mwiniwake, poona chizindikiro cha Windows 11 pa sikirini, amagona tulo tabwino, osadziwa kuti katemera anasiya kufika kalekale. Ndipo khomo lolambalalalo mwini nyumba angathe kulitseka tsiku lililonse. Mu 2024 mtundu wotchedwa 24H2 unakaniratu kuyaka pa mapurosesa akale kwambiri, ngakhale munthu atachenjera bwanji.

Choipa kwambiri n'chakuti Windows yoikidwa pa benchi ya mumsika kawirikawiri imadza ndi mnzake, kapulogalamu kothyolera chiphaso kuti Windows ndi Office zioneke ngati zogulidwa. Timapulogalamu totere timatengedwa m'makona amdima a intaneti, ndipo kuti tigwire ntchito timafuna kuti muyambe mwazimitsa chotetezera ku mavairasi. Tangoganizani mlendo amene akukuuzani kuti mumange galu asanalowe m'nyumba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu amene akumvetsa bwino zimene akuchita, amene watenga Windows yeniyeni pa tsamba la eni ake ndipo ali wokonzeka kuikonzanso chaka ndi chaka, angathe kuyenda njira yokakamizayo pa makina a m'badwo wa 7 n'kufika. Koma kuwaikira zotere mayi a kwaya amene akungofuna kulemba ndondomeko ya zopereka, n'kuwasiya okha, ndi kuwatchera msampha.

Chenjezo lomweli lipite kwa inu amene mukukonzeka kugula. Popeza maofesi akunja akhala akuchotsa makina okanidwawa, musadabwe mukawaona atadzaza m'mashelefu a ku Limbe ndi ku Blantyre, atavekedwa Windows 11 yonyezimira. Chimene chili pa sikirini si umboni. Pemphani wogulitsa akutsegulireni dzina la purosesa, muwerenge nokha nambala ija. Ikakhala 6 kapena 7 mungathe kugulabe, koma mtengo wake utsike, ndipo mugule mukudziwa chimene mwagula. Safunsa anadya phula.

Nanga tichite chiyani ndi makina abwino amene Microsoft yawakana? Yankho langa ndi lakuti tiwasamutsire ku Linux. Ambiri timaganiza kuti kompyuta ndi Windows ndi chinthu chimodzi, chifukwa sitinaonepo zina. Koma chitsulocho chingathe kuyendetsedwa ndi pulogalamu ina, monga mmene munda umodzi ungadzalidwe chimanga chaka chino, nandolo chaka chamawa. Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, ndipo kuchokera pamenepo anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana akhala akuikonza pamodzi. Ndi yaulere mwalamulo. Kuikopera mnzako si kuba, pakuti eni ake ndiwo amalimbikitsa zimenezo. Ndipo si yachilendo monga mukuganizira: foni iliyonse ya Android, kuphatikizapo Itel ndi Tecno zili m'matumba mwathu, mtima wake ndi Linux.

Mwa mitundu yake yambiri, umodzi wotchuka unabadwa ndi dzina la kwathu kuno. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa Ubuntu, dzina limene kwa Azulu ndi Axhosa limatanthauza chimene ife timachitcha umunthu. Koma kwa munthu amene wazolowera Windows, ine ndimalangiza Linux Mint, imene inamangidwa pa maziko a Ubuntu. Maonekedwe ake sasokoneza: batani loyambira lili pansi kumanzere, mafoda ali m'malo mwake, wotchi ili kumanja. Imayenda pa RAM ya 2 GB ngakhale kuti 4 GB ndiyo yabwino, siifunsa za TPM kapena za m'badwo wa purosesa, ndipo mtundu wa 22 umene unatuluka mu 2024 udzalandira katemera wake mpaka 2029. Imadza ndi Firefox ya pa intaneti ndi LibreOffice yolembera makalata, kuwerengetsera ndalama ndi kukonza zoonetsa. Chrome, Zoom ndi VLC zimaikidwa mosavuta. Mavairasi a m'mafulashi aja amene amabisa mafoda n'kusiya tizithunzi tonyenga, amene avutitsa aliyense wopita kukasindikiza m'malo ojambulitsira mapepala, analembedwera Windows ndipo pa Linux sayaka.

Chimene ndimachikonda koposa n'chakuti mungathe kulawa musanameze. Linux Mint ikaikidwa pa fulashi, laputopu imatha kuyaka kuchokera pa fulashipo popanda kukhudza kalikonse ka m'kati mwake. Mumayesa Wi-Fi, mawu, kamera, kiyibodi ndi purintala. Chikakukanani, mumazula fulashi n'kubwerera ku Windows yanu ngati palibe chachitika. Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3 GB, yolemera ndithu kwa bandulo ya munthu mmodzi, koma imatengedwa kamodzi kokha, ndipo fulashi imodziyo ingathe kuzungulira limana lonse.

Sindikubisirani zovuta zake. Microsoft Word ndi Excel za pa makina sizikhala pa Linux. LibreOffice imatsegula mafayilo ake ndi kuwasunga m'maonekedwe omwewo, koma nthawi zina matebulo ndi mizere zimasuntha pang'ono, choncho kalata yofunsira ntchito muziitumiza ngati PDF, chimene n'chanzeru ngakhale kwa wa Windows. Word ndi Excel ziliponso zaulere za pa intaneti, kwa amene ali ndi bandulo. Amene amati olemba ntchito amafuna wodziwa Excel akunena zoona, koma amene waphunzira kuphatikiza manambala ndi kukonza tebulo mu LibreOffice sasochera akakhala pa Excel. Woyendetsa Toyota safuna sukulu yatsopano kuti ayendetse Nissan. Vuto lenileni lili kwa anzathu amene buledi wawo ali pa pulogalamu imodzi: ojambula nyimbo za makwaya ndi FL Studio kapena Cubase, okonza zithunzi za maukwati ndi Photoshop, ophunzira zomangamanga amene amafuna AutoCAD. Zimenezi zinalembedwera Windows ndi Mac. Kwa iwo ndinganene kuti sungani Windows 10 yanu ya ntchitoyo, koma ichotseni pa intaneti, muisandutse ngati makina osokera amene ntchito yawo ndi imodzi. Za imelo ndi za ku banki muzichitira pa foni, kapena mugawe disiki pawiri kuti Linux ikhale mbali inayo ya pa intaneti, kwinaku mukusonkhanitsa pang'onopang'ono ya makina a m'badwo wovomerezeka.

Pali bodza lina limene liyenera kufa, lakuti laputopu ikayamba kuchedwa ndiye kuti yakalamba. Nthawi zambiri wolakwa ndi hard disk ya mtundu wakale, imene m'kati mwake muli mbale yozungulira ndi kasingano kowerenga. Mukaichotsa n'kuikamo SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse, makina amene ankatenga mphindi zitatu kuti ayake amayaka musanamalize kukoka mpando. Mtengo wa SSD ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa laputopu, ndipo imapirira mabampu a pa kabaza kuposa disiki yakale. Laputopu za mu ofesi zimene ndatchula zija zili ndi ubwino wina, wakuti zimatseguka ndi sikuludiraiva wamba ndipo RAM yake imaonjezeka. Zatsopano zambiri zotsika mtengo zinawotchereredwa zonse pamodzi, moti chimodzi chikafa zonse zafa. Fumbi nalo ndi mdani: fani ikatsekeka, purosesa imatentha n'kudzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Kuipukuta kamodzi pa chaka, ndi kuleka chizolowezi choiika pa bulangeti poonera mafilimu, kumaonjezera moyo wake.

Njira iliyonse imene mungasankhe, musadine kalikonse musanasamutse katundu. Kuika pulogalamu yatsopano kungathe kufufuta zonse, ndipo zina zimene zili m'makina mwathu sizigulidwa mumsika: zithunzi za agogo amene anatisiya, nyimbo zimene kwaya inajambula, mabuku a ndalama za gulu, kafukufuku wa chaka chomaliza amene wina wamulemba miyezi isanu ndi itatu. Koperani pa fulashi kapena pa disiki yapadera, kenaka mutsegule zimene mwakoperazo pa makina ena kuti mutsimikize kuti zilimodi. Lembani mawu anu achinsinsi m'kope, chifukwa makina amene ankakukumbukirirani adzakhala ataiwala. Batire likhale lodzaza ndipo chaja ikhale pa khoma, popeza magetsi akazima ntchito ili pakati makina amatsala opanda Windows, opandanso Linux. Ndipo mukamapereka laputopu kwa wokonza, chotsanimo zachinsinsi zanu, kapena khalani pambali pake mpaka amalize. Mawu amenewa ndikunena kwa onse, koma makamaka kwa inu alongo anga, pakuti zithunzi zikatuluka sizibwerera.

Makina amene afadi, amene bolodi yake yapsa, nawonso asaponyedwe paliponse. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linati mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo zinali 22 peresenti yokha. Kuno kwathu dzala limathera ku moto, kapena mvula imalikokolola kupita ku dimba. M'makina akale muli mtovu ndi zitsulo zina zapoizoni, ndipo batire la laputopu likaponyedwa pa moto limaphulika. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya mu 2015 yotchedwa Laudato Si', anadzudzula chizolowezi cha masiku ano chotaya chinthu chikangotuluka chatsopano, ndipo sindikudziwa chitsanzo choposa ichi, cha makina amoyo otayidwa chifukwa cha nambala imodzi pa dzina la purosesa. Ngakhale laputopu yakufa ili ndi ziwalo zamoyo: sikirini, kiyibodi, RAM ndi chaja zingathe kudzutsa inzake. Iperekeni kwa okonza, mutayamba mwachotsa disiki yanu.

Chimene chikusowa pakati pathu ndi anthu odziwa. Dera lino lili ndi sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP, lili ndi koleji ya za ziweto, ndipo yunivesite ya Katolika ku Nguludi yakhala ikutulutsa ophunzira chitsegulireni mu 2006. Achinyamata ophunzira alipo ochuluka, ndipo ambiri akukhala pakhomo kudikira ntchito. Kuika Linux, kusintha disiki ndi kupukuta fani ndi luso la masabata ochepa, ndipo m'dera limene aphunzitsi, alangizi, azaumoyo ndi ophunzira ali ndi makina okanidwa ndi Windows 11, luso limeneli ndi ndalama. Chifukwa chiyani mphunzitsi wa pulayimale azilipira minibasi kupita ku Limbe ndi kubwerera, n'kutaya tsiku lonse, pa ntchito imene mtsikana wa Fomu 4 wa m'mudzi mwake angaigwire pakhonde?

Pempho langa kwa akomiti ya achinyamata ndi lakuti tisankhe Loweruka limodzi, tipemphe chilolezo kwa Bambo Mfumu chogwiritsa ntchito holo, ndipo aliyense amene ali ndi laputopu abwere nayo, makolo ndi aphunzitsi omwe. M'mawa tingowerenga mapurosesa ndi kugawa makina m'magulu: oyenera Windows 11 mbali ino, oyenera Linux mbali iyo, ofunika SSD pakati. Tsiku limenelo tisafufute kanthu pa makina a munthu aliyense. Amene akufuna alawe Linux Mint ya pa fulashi kwa ola limodzi, apite kunyumba akaganize, akasamutse mafayilo awo, adzabwerenso Loweruka linalo. Chofunika kusonkha ndi bandulo imodzi ya 5 GB, mafulashi awiri a 8 GB, sikuludiraiva waung'ono ndi chingwe chachitali cha magetsi chokhala ndi mabowo okwanira. Aliyense asaiwale chaja yake.